Fumbi Limene Bambo Anakumba

Okutobala wafika ndi ng'anjo yake.
Mu labu ya kuseri kwa msewu wa ku Mchinji
ndatsegula kabotolo kofiirira,
ndathira pa galasi timibulu toyera
ngati mchere wa mu msika wa Tsoka.
Si mchere ayi. Ndi asidi wouma:
tangisiteni khumi ndi awiri azinga fosifolasi mmodzi,
ndipo m'timakwalala ta pakati pawo
mwabisala madzi osaoneka ndi maso.

M'menemo ndimwaza pulatinamu.
Pang'ono zedi, wochepa kuposa fumbi
lotsalira pa chala ukapukuta wailesi.
Ndikaona mtengo wake pa lisiti
ndimawerenga lendi ya ku Kawale, miyezi itatu.

Bambo anga ankakumba chitsulo chimenechi ku Joni.
Sanachione ndi kamodzi komwe.
Ankati: ife timangotulutsa mwala wakuda,
chonyezimiracho chimapita ndi eni ake.
Anabwerako ndi jekete, sutikesi yachitsulo,
ndi chifuwa chimene chinkatidzutsa tambala asanalire.

A Msampha, alonda athu, asuzumira pa zenera:
Mayi Nankhoma, mukuphika chiyani usiku uno?
Ndati: ukwati, achimwene.
Haidulojeni ndi okisijeni amafunana,
koma paokha amangoyang'anizana chaka ndi chaka.
Pulatinamu ndiye nkhoswe.
Akhala pakati, amasula uyu, agwira uyo dzanja,
nkhani ikatha, madzi abadwa,
iye n'kudzuka, kusasa fumbi,
kudikira ena.

Aseka mpaka kutsokomola:
nkhoswe yosadya ngakhale chiwindi cha nkhuku?

Ndalumikiza mawaya.
Haidulojeni akaponda pa kanjere ka pulatinamu amavula;
elekitironi ithawira mu waya,
pulotoni itsala, iyenda wapansi.
Kapena ndinene kuti siyenda, amachita kupatsirana,
dontho kupatsa dontho,
monga amisiri a ku Eriya 49 aponyerana njerwa
kuchokera pa mulu mpaka pamwamba pa khoma.
Mmodzi akachoka pa mzere, khoma liima.

Lero mzere waduka.
Kutentha kwamwa madzi a m'timibulu.
Kamzere ka pa kompyuta, kamene dzulo
kanatukuka ngati phiri la Bunda,
kagona chagada ngati msewu wa ku bwalo la ndege.
Masabata asanu ndi limodzi a ntchito yanga.
Ndatukwana chamumtima.
Ndaika kambale ka madzi m'bokosi, ndatseka,
ndakhala pa mpando wothyoka msana.

Panja mbaula ikufuka, tiyi wa alonda.
Ndawapempha aisunthire kutali.
Mpweya wa makala ukakhala pa pulatinamu
sudzukanso msanga,
umatseka malo onse okhala alendo,
nkhoswe n'kubanika.
Ndikudziwa kubanika kumamveka bwanji
kuseri kwa khoma la zidina.

Itakwana leveni magetsi athima.
Mzinda wonse zii,
Chinsapo, Biwi, Mtandire,
kwangotsala agalu ndi jenereta ya kwa anthu olemera.
Kompyuta yafa. Ine sindinanyamuke.
Ndayatsa tochi ya foni,
ndaunika kamita koyendera batire.

Manambala ayamba kugwedezeka.
Timibulu tamwa chinyontho,
amisiri abwerera pa mzere.
Akwera, aima, akweranso,
akhazikika pa theka la voti ndi kakusefukira.

Sizingayatse babu la m'khonde.
Sizingaphike, sizingatchaje foni ya a Msampha
amene aima pa khomo, kapu m'manja,
kufunsa ngati ukwati watheka.

Watheka, ndatero.

Ndalemba m'kope: tsiku, nthawi, chinyontho, mavoti.
Pamalo pa nambala ya sampulo
dzanja lalemba lokha: Lekeleni Nankhoma.
Ndayang'ana dzinalo nthawi yaitali.
Mawa abwana adzati ndifufute.
Usiku uno, bambo, bwerani pafupi ndi tochi,
onani chimene munkakumba.
N'chakuda ndithu ngati mwaye,
koma chikugwira ntchito.